Ukwati Umatha, Ubereki Sutha

Nkhani yokambidwa kwa ankhoswe, alangizi ndi makolo ku Avondale, mumzinda wa Lusaka

Ena mwachokera konkuno ku Avondale, ena ku Chelstone, ena mwapirira mzere wa magalimoto pa Great East Road kuchokera ku Kabwata ndi ku Woodlands. Mwachita bwino kubwera. Nkhani ya lero ndi yowawa m'kamwa, koma ndi yathu.

Ndiyambe ndachotsa chikayiko. Sindinabwere kudzalimbikitsa kutha kwa maukwati. Ntchito yoyamba ya ankhoswe ndi alangizi ndi kumanga banja, ndipo pamene chiyembekezo chilipo, mangani ndithu. Koma tonse tikudziwa kuti limafika tsiku lina, abusa atalankhula, alangizi atalankhula, ankhoswe atayenda mpaka nsapato kuperepeseka, anthu awiri aja n'kunenetsa kuti basi, zakanika. Nkhani yanga ikuyambira pa tsiku limenelo.

Inu amene munakhalapo pa milandu yotere mundichitire umboni. Timayamba ndi kufufuza wolakwa. Anayamba chibwenzi ndani, anatukwana apongozi ndani, mufoni munapezeka uthenga wotani. Tikachoka apo tilowa m'katundu: nyumba, puloti, galimoto, firiji, malowolo abwezedwe kapena ayi. Dzuwa lapendeka, anthu atopa, ena akuganiza za minibasi, pamenepo ndiye wina amafunsa kuti, "Nanga ana?" Nkhani imene idzalamulira moyo wa mwana kwa zaka khumi kapena kuposerapo timaithetsa titaimirira, zikwama zili m'manja.

Chimene ndabwera kudzanena ndi chimodzi, ndipo ndichibwereza mpaka chikhazikike: ukwati umatha, ubereki sutha. Akale anati chibale n'fupa, sichiola. Khoti lingathe kulemba kuti awa salinso mwamuna ndi mkazi, koma kwa mwana adzakhalabe atate ndi amayi mpaka kumanda.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, tisinthe funso limene timafunsa. Yachiwiri, tikambirane tisanakokerane kukhoti, ndipo mwana akhale ndi womuyimira. Yachitatu, tiyambe ndi sabata ya mwana, katundu abwere pambuyo. Yachinayi, mwana timumve koma tisamusandutse woweruza. Yachisanu, pamene pali nkhanza, chitetezo chiyambe.

Mfundo yoyamba: tisinthe funso

Funso limene timalithamangira ndi lakuti, mwana ndi wa yani? Makolo athu anali nalo yankho, mtundu uliwonse lakelake. Kwa Achewa ndi Ansenga mwana ndi wa kuchikazi. Ali m'mbumba ya amalume ake, ndipo ukwati ukatha mkamwini amanyamula zake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala ndi mayi. Abemba nawonso amatsata mtundu wa mayi. Kwa Angoni a kwa Mpezeni, Atumbuka a ku Lundazi, Amambwe ndi Anamwanga, malowolo akaperekedwa ana amawerengedwa kuchimuna.

Miyambo imeneyi tisainyoze. Cholinga chake chinali chakuti pasapezeke mwana wosowa mwini. Kumudzi inkagwira ntchito, chifukwa mwana akatsala kuchikazi amatsala pakati pa agogo, amayi aang'ono ndi amalume, munda ulipo, nkhokwe ilipo. Atate ake nthawi zambiri anali mudzi wapafupi, ulendo wapansi.

Tsopano bwerani nayo miyamboyi muno mu Lusaka. Mngoni wa ku Chipata wakwatira Mbemba wa ku Kasama. Ukwati watha. Akuchimuna akuti tinalowola, ana ndi athu. Akuchikazi akuti kwathu ana ndi a mayi. Onse akunena zoona za kwawo, ndipo mwana akukokedwa uku ndi uku. Tembenuzani nkhaniyo. Mwamuna ndi Mchewa wa ku Katete, mkazi ndi Mtumbuka wa ku Lundazi. Akuchimuna akuti ana ndi a kuchikazi, akuchikazi akuti ana ndi a kuchimuna. Apa mwana angathe kusowa womulandira, aliyense ali ndi mwambo womukhululukira. Amalume amene mwambo ukuwadalira mwina ali ku Kitwe kapena ku Johannesburg, akuvutika ndi lendi ndi ana awo omwe.

Lamulo la dziko lino limafunsa funso lina. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza Children's Code Act, lamulo nambala 12 la chaka chimenecho, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analisaina. Linasonkhanitsa pamodzi malamulo a ana amene anali omwazikana, ena mwa iwo a m'nthawi ya atsamunda. Mtima wa lamuloli ndi wakuti pa chigamulo chilichonse chokhudza mwana, chotsogola ndi chimene chili chabwino kwa mwanayo. Limanenanso kuti udindo wolera ndi wa makolo onse awiri, kaya ali m'banja kaya ayi.

Wina asanene kuti zimenezi ndi za azungu. N'zoona kuti pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Zambia inalilandira mu 1991, likunena zomwezo. Koma mu 1990 atsogoleri a mayiko a Africa atakumana ku Addis Ababa anavomereza pangano lawolawo la ufulu ndi chisamaliro cha mwana, ndipo nalonso linaika ubwino wa mwana patsogolo pa zonse. Kumbukiraninso lamulo lathu la chuma cha masiye la 1989. Munthu akamwalira wosasiya wilu, ana amalandira magawo 50 pa 100 alionse, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena odalira malemuyo 10. Ngati pa maliro tinavomera kuti gawo lalikulu ndi la ana, bwanji pa chisudzulo tiziwapatsa zotsalira?

Za malowolo ndinene mosabisa. Malowolo ndi ulemu wa pakati pa mabanja awiri. Si mtengo wa mwana. Palibe ng'ombe kapena ndalama imene imagula munthu. Choncho funso lathu lisakhalenso lakuti mwana ndi wa yani. Likhale lakuti: mwana uyu akusowa chiyani, ndipo aliyense wa ife achitapo chiyani?

Mfundo yachiwiri: kambiranani, ndipo mwana akhale ndi womuyimira

M'Zambia muli makomo awiri othetsera ukwati. Ukwati wa mwambo, uja wa ankhoswe ndi malowolo, umathera ku Local Court, monga ya ku Chelstone, ya ku Chilenje kapena ya ku Boma. Ukwati wolembetsedwa motsata Marriage Act, uja wa ku Civic Centre kapena wa kutchalitchi chololedwa ndi boma kumangitsa maukwati otere, umathera ku High Court motsata Matrimonial Causes Act ya 2007. Kumeneko woweruza amafuna umboni wakuti banja lasweka kosatheka kulikonza, ndipo wopempha chisudzulo amafotokoza m'makalata ake mmene ana adzakhalire. Kuchokera pa kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2016, High Court ili ndi nthambi yoona za mabanja ndi ana.

Khoti ndi lofunika, ndipo pali milandu imene singathe kwina kulikonse. Koma woweruza amamudziwa mwana wanu papepala. Sadziwa kuti amaopa mdima, kuti mphumu imamuvuta m'nyengo yozizira ya June, kuti Loweruka amapita kukwaya. Kuwonjezera apo, kukhoti munthu amafuna kupambana, ndipo kuti apambane amavula mnzake pagulu. Mawu olankhulidwa pamenepo sabwereranso m'kamwa. Mawa lake anthu omwewo ayenera kupatsirana mwana pageti.

Makhoti athu omwe amalimbikitsa kukambirana. Mu 1997 malamulo a High Court anatsegula njira yoti woweruza azitumiza mlandu kwa mkhalapakati wophunzitsidwa. Mkhalapakati sagamula ndipo sakhala mbali ya munthu. Amathandiza awiriwo kumvana okha. Zokambidwa pamenepo ndi zachinsinsi, ndipo mukagwirizana, chipangano chimalembedwa, n'kusainidwa, n'kulembetsedwa kukhoti, pomwe chimakhala ndi mphamvu ya chigamulo. Ukwati weniweniwo umathetsedwa ndi khoti, koma za ana, ndalama ndi katundu mungathe kumvana nokha.

Kodi njirayi imathandizadi ana? Katswiri wina wa za maganizo, Robert Emery wa ku University of Virginia ku America, anatsatira mabanja amene ankalimbirana ana. Ena anawatumiza kwa mkhalapakati, ena anapitiriza ndi khoti, ndipo kusankhako kunali kwa maere. Kukambiranako kunkatenga pafupifupi maola 5. Patapita zaka 12 anawayenderanso, n'kusindikiza zotsatira mu 2001. Mwa makolo osakhala ndi ana pakhomo, amene anadzera kwa mkhalapakati 28 pa 100 alionse ankaonana ndi ana awo sabata iliyonse. Mwa amene anadzera kukhoti anali 9 okha. America si Zambia, koma mtima wa munthu ndi womwewo: chimene wavomera ndi pakamwa pako umachisunga kusiyana ndi chimene wakakamizidwa.

Ankhoswe, njira imeneyi si yachilendo kwa inu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto wa m'mabanja mwakhala mukuuzima kuyambira kale. Koma taonani mmene timakhalira pabwalo. Mwamuna ali ndi ankhoswe ake. Mkazi ali ndi ankhoswe ake. Anzathu Abemba ali ndi bashibukombe, ankhoswe awo. Mwana ali ndi yani? Amene adzasenze zotsatira za zonse zimene tikambe ndiye yekhayo wopanda womuyankhulira.

Pempho langa lalikulu lero ndi ili. Pa zokambirana zilizonse zothetsa banja, mbali zonse ziwiri zisankhe munthu mmodzi wokhulupirika kuti akhale nkhoswe ya ana. Angakhale mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, kapena agogo amene onse amawalemekeza. Za chibwenzi sizimukhudza, za galimoto sizimukhudza. Ntchito yake ndi kufunsa pa mfundo iliyonse kuti: tikatero, ana ziwathera bwanji? Ndibwereze. Mwamuna ali ndi womuyimira, mkazi ali ndi womuyimira, mwananso akhale naye.

Mfundo yachitatu: yambani ndi sabata ya mwana

Telala wa pamsika wa Chelstone sayamba kudula nsalu asanamuyeze mwini malaya. Akadula kaye, mwini malaya ndiye adzavutika kulowamo. Ife timadula kaye nyumba, malipiro ndi katundu, kenako n'kumupanikiza mwana kuti akwane m'zotsalazo. Muyezeni kaye mwana. Tengani pepala, mulembe kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo muyankhe mafunso awa limodzilimodzi.

Adzagona kuti? Yankho litsate msinkhu. Khanda loyamwa silingachoke kwa mayi sabata yathunthu, koma liyenera kuona atate ake pafupipafupi, ngakhale kwa maola ochepa, kuti lisawaiwale nkhope. Mwana wa zaka 8 amafuna ndondomeko yosasinthasintha, adziwe kuti Lachisanu amamutenga ndani. Mnyamata kapena mtsikana wokonzekera mayeso a Giredi 12 amafuna bata ndi malo owerengera. Abale a mimba imodzi musawalekanitse popanda chifukwa chachikulu. Zoti wamkulu apite kwa atate, wamng'ono atsale kwa amayi kuti pasakhale wodandaula, ndi chilungamo cha akulu. Kwa anawo, ataya khomo limodzi ndipo atayananso okhaokha.

Adzaphunzira kuti, ndipo adzafikako bwanji? Tinene kuti sukulu ili ku Chelstone, amayi atsala ku Avondale, atate asamukira ku Woodlands. Papepala kugawana sabata pakati kumaoneka bwino, masiku atatu uku, anayi uko. Koma amene adzadzuke nkhuku zisanalire n'kukwera minibasi ziwiri kudutsa m'tauni ndi mwana. Mwina chabwino n'chakuti masiku a sukulu akhale pafupi ndi sukulu, Loweruka ndi Lamulungu ndi tchuthi apite kwinako. Ndipo chonde, tileke kunyamula mwana pakati pa temu n'kukamutula kwa agogo ku Petauke pofuna kukhaulitsa mnzathu. Wokhaula ndi mwana.

Akadwala zidzatani? Khadi la kusikelo lili ndi yani? Chikalata cha kubadwa chili kuti? Ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA analembetsedwa pa dzina la yani? Akagonekedwa kuchipatala cha Levy Mwanawasa usiku, kholo linalo lidzauzidwa ndi yani, nthawi yanji? Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono pa tsiku la zokambirana, koma ndi zomwe zimayambanitsa anthu pakhomo la chipatala.

Ndalama zidzachokera kuti? Apa ndikhalitsepo, chifukwa zipangano zambiri zimafera pamenepa. Kuyambira mu January 2022 sukulu za boma ndi zaulere, ndipo abambo ena amati ndiye kuti palibenso chopereka. Yunifolomu si yaulere, nsapato si zaulere, minibasi si yaulere, ufa, ndiwo, sopo, malaiti ndi lendi si zaulere. Lembani zonse zimene mwana amadya ndi kugwiritsa ntchito pamwezi, kenako muone mphamvu za aliyense. Kholo limene likukhala ndi mwana, kumuphikira, kumuchapira ndi kuchezera naye akatentha thupi, likupereka kale gawo lalikulu ngakhale silioneka pa risiti.

Pali mawu awiri amene timawamva kawirikawiri. Abambo amati, "Ndalama zanga akadyere mwamuna wina?" Amayi amati, "Sanapereke kanthu, mwana samuona." Onse awiri akulanga munthu wosalakwa. Abambo, ndalama yosamalira mwana si mphatso ya mkazi amene munalekana naye, ndi chakudya cha magazi anu. Ngati simukhulupirirana, lipirani kusukulu mwachindunji, gulani yunifolomu nokha, zotsalazo mutumize pa Airtel Money kapena MTN pa tsiku lodziwika la mwezi, umboni ukhalepo. Amayi, kuonana ndi atate ake ndi ufulu wa mwana, si katundu wogulitsa. Ngati bambo sakupereka, khomo la khoti ndi lotsegula ndipo lingathe kumulamula. Musatseke khomo la mwana. Chimodzimodzi ngati ana atsala ndi bambo: mayi apereke monga mwa mphamvu zake, ndipo asaletsedwe kuona ana ake.

Masiku apadera adzakhala kuti? Khirisimasi, tchuthi cha April, cha August ndi cha December, tsiku lobadwa, maliro a kuchimuna kapena a kuchikazi. Gwirizananitu. Agogo a mbali zonse ziwiri sanasudzulidwe, azakhali sanasudzulidwe, asuweni sanasudzulidwe. Mwana asataye theka la abale ake chifukwa cha mkangano umene sanauyambe.

Mukatha zonsezi, pamenepo lowani m'katundu, ndipo mudzaona kuti zambiri zayankhika kale. Ngati ana atsala pafupi ndi sukulu yawo, nkhani ya wokhala m'nyumba kufikira anawo atakula yapepuka. Katundu ali ndi malamulo ake. Mu 2000, pa mlandu wa Chibwe, Supreme Court inagamula kuti mkazi wa ukwati wa mwambo alandire gawo la chuma cha banja. Choncho palibe chifukwa chogwira mwana chikole kuti upeze nyumba, kapena kuopseza kuti ndilanda ana kuti mnzako asiye kufunsa za puloti.

Chomaliza pa mfundoyi, lembani. Chipangano cha pakamwa chimasungunuka tsiku limene wina wapeza banja latsopano. Lembani masiku, maola, malo opatsirana mwana ndi kuchuluka kwa ndalama. Sainani pamaso pa mboni, mupite nacho kukhoti chikalembetsedwe. Muikemonso kuti chaka chilichonse mudzakhala pansi kuchionanso, chifukwa mwana amakula, mitengo ya zinthu imakwera, ntchito zimatha ndipo anthu amasamuka.

Mfundo yachinayi: mumveni mwana, koma asakhale woweruza

Tinaleredwa kuti za akulu mwana salowerera. Pali nzeru pamenepo, koma tazipitiriza muyeso. Mwana amaona masutikesi akutuluka, amamva kulira usiku, koma palibe womuuza kanthu. Mwana wosauzidwa amadzipangira yankho, ndipo kawirikawiri yankho lake limakhala lakuti, "Ndine ndalakwitsa." Mudzaona wa zaka 6 wayambanso kukodza pogona, wanzeru m'kalasi wayamba kulephera, wofatsa wayamba ndewu, wina wangoti zii.

Ngati n'kotheka, muuzeni muli awiri, ndipo mumuuze zinthu zitatu. Choyamba, si chifukwa cha iwe. Chachiwiri, tonse tikadali makolo ako ndipo timakukonda. Chachitatu, udzagona apa, sukulu yako ndi iyi, atate kapena amayi udzawaona masiku awa. Za chibwenzi ndi za kuchipinda si za m'makutu a mwana.

Children's Code Act ndi pangano la 1989 lija zimanena kuti mwana wotha kufotokoza maganizo ake amvedwe, molingana ndi msinkhu ndi nzeru zake. Koma kumumva n'kosiyana ndi kumuimika pakati pa bwalo n'kumufunsa kuti, "Ufuna kukhala ndi yani?" Funso limenelo ndi nkhanza. Akatchula amayi wapereka atate, akatchula atate wapereka amayi, ndipo adzasenza mlandu umenewo mumtima mpaka kukula. Nkhoswe ya ana ija, kapena wogwira ntchito wa boma woona za chisamaliro cha ana, akhale naye pambali, makolo palibe, amufunse zofewa. Chikukudetsa nkhawa n'chiyani? Ndi chiyani chimene sufuna kuti chisinthe? Mawu ake alowe m'zokambirana, koma chigamulo chikhale cha akulu.

Mavis Hetherington, katswiri wina wa ku America amene anatsatira mabanja pafupifupi 1,400 kwa zaka pafupifupi 30, anapeza kuti ana 75 mpaka 80 pa 100 alionse a makolo olekana amadzakhala bwinobwino akakula. Amenewa ndi mawu a chitonthozo kwa inu amene mukudziona ngati mwawononga ana anu. Koma iye ndi ofufuza ena anaonanso kuti chimodzi mwa zinthu zovulaza ana kwambiri ndi mkangano wosatha wa makolo, makamaka mwana akamaikidwa pakati. Ife tinazidziwa kale: njovu zikamamenyana, wovutika ndi udzu.

Choncho mwana asakhale mtumiki wonyamula mawu akuti, "Ukawauze atate ako kuti ufa watha." Foni muli nayo, lankhulanani nokha. Asakhale kazitape wofunsidwa kuti kunyumba kuja kumabwera ndani. Asamve kholo lake likunyozedwa, kaya ndi inu, kaya ndi agogo, kaya pa Facebook, pomwe tsiku lina adzaziwerenga yekha. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo atate ndi chimodzimodzi. Mukamanyoza kholo lake, mwana amamva kuti theka la iye mwini ndi loipa. Inu amene mudzalowe m'mabanja momwe muli kale ana, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mulereni, koma musamukakamize kuiwala womubereka.

Mfundo yachisanu: pamene pali nkhanza, chitetezo chiyambe

Zonse ndanenazi zikuyenda pamene anthu awiri angathe kukhala pansi wina osaopa mnzake. Ngati mayi wakhala akumenyedwa, ngati wina waopsezedwa kuti aphedwa, ngati mwana wagwiriridwa kapena kuvulazidwa, imeneyo si nkhani ya pamphasa. Munthu wamantha amavomera chilichonse kuti achokepo, ndipo chipangano chotero si chipangano.

Alangizi, ndikupempheni mwaulemu. Mawu akuti "pirira" ndi akuti "za m'nyumba siziululidwa" ali ndi malire. Mwana woona mayi ake akumenyedwa akuvulala ngakhale chibakera sichinamukhudze. Tili ndi Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011, imene imapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akuwazunza. Kupolisi kuli Victim Support Unit. Nambala ya 116 ndi ya ana ovutika, ya 933 ndi ya nkhanza za m'banja, ndipo zonse ziwiri ndi zaulere. Kugwirira mwana ndi mlandu wa boma. Suthera pa mbuzi, pa ndalama kapena pa kupepesana kwa mabanja, ndipo wobisa mlandu wotero wapereka mwanayo kachiwiri. Musanayambe zokambirana zilizonse, mufunseni aliyense payekha, mnzake palibe, ngati akuopa kanthu. Akati inde, imitsani zonse, muthandize kaye kuti iye ndi ana akhale potetezeka.

Mawu otsiriza

Amayi ndi abambo, ndanena zisanu. Tifunse chimene mwana akusowa, osati mwini wake. Tikambirane, ndipo mwana akhale ndi nkhoswe yake. Tiyambe ndi sabata ya mwana, tilembe zimene tagwirizana. Timumve, koma tisamusenzetse chigamulo. Pamene pali nkhanza, tiyambe tateteza.

Abambo, kuchoka panyumba si kuchoka m'moyo wa mwana. Mukalonjeza kuti mubwera Loweruka, bwerani, chifukwa mwana amakhala pageti kuyambira m'mawa. Amayi, chilonda chimene muli nacho ndi chenicheni, koma mwana si mankhwala ake ndipo si chida chobwezera. Agogo, amalume ndi azakhali, musathire mafuta pamoto. Mdzukulu kapena mphwanu adzakumbukira amene anamusungira mtendere. Inu amene mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Board ilipo, National Legal Aid Clinic for Women iliponso muno mu Lusaka. Pitani mukafunse musanasaine chilichonse.

Kwa abusa ndi atsogoleri a magulu a alangizi, pempho langa ndi la ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Mpingo uliwonse ndi gulu lililonse limene lili muno lisankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, amene awerenge Children's Code Act, adziwe kumene kuli ofesi ya chisamaliro cha ana ndi Victim Support Unit yapafupi, ndipo akhale okonzeka kuyimira ana banja likamatha. Timaphunzitsa achinyamata kulowa m'banja mwaulemu. Tiphunzitsenso amene zawakanika kutulukamo osapondereza ana. Musadikire msonkhano wina. Asankheni anthuwo mwezi uno.